Chisamoa ndi Abale Ake a Kutsidya kwa Nyanja

Akuluakulu akale adati chibale ndi fupa, sichiola. Mwambi umenewu umamveka kawirikawiri pamene anthu a magazi amodzi akumana patapita zaka zambiri chisiyanirane, koma ungathe kunenedwanso pokamba za ziyankhulo. Nazo ziyankhulo zili ndi makolo, ana ndiponso zidzukulu. Zimabalalika, zimasintha kamvekedwe, mwinanso kufika poti eni ake sathanso kumvana, komabe fupa la chibale limakhala lili chikhalire kudikira munthu wodekha kuti alifukule. Chitsanzo chooneka bwino cha zimenezi chili kuzilumba za Polynesia, m'nyanja yamchere ya Pacific, komwe Chisamoa chili ndi abale ake otalikirana nacho makilomita zikwizikwi.

Dera la Polynesia lidakhala ngati mafuwa atatu apamoto. Fuwa loyamba ndi Hawaii chakumpoto, lachiwiri ndi New Zealand chakummwera, ndipo lachitatu ndi kachilumba ka Rapa Nui, komwe Azungu amakatcha Easter Island, chakum'mawa. Kuchoka ku Honolulu kukafika ku Auckland ndi makilomita oposa 7,000, ndipo pafupifupi ulendo wonsewo ndi madzi okhaokha. Zilumba za Samoa zili chakumadzulo kwa derali, moyandikana ndi zilumba za Tonga. Gawo lalikulu la Samoa lidalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1962, pamene gawo lakum'mawa lili pansi pa dziko la America. Ziyankhulo za anthu a mtundu umenewu ndi zoposa 30. Makolo awo sadasiye mabuku olongosola m'mene adafikira pazilumba zotalikirana chotere, choncho mboni yaikulu ya ulendo wawo ndi mawu omwe ali m'kamwa mwa zidzukulu zawo.

Mawu a tsiku ndi tsiku ndiwo amayamba kuulula chinsinsichi. Nyumba, Msamoa amaitcha fale. Wa ku Tonga amatinso fale, wa ku Tahiti amati fare, Mmaori wa ku New Zealand amati whare, pamene wa ku Hawaii amati hale. Bwato m'Chisamoa ndi va'a, ku Tonga ndi vaka, kwa Amaori ndi waka, ndipo ku Hawaii ndi wa'a. Munthu m'Chisamoa ndi tagata. Lembo la g m'chiyankhulochi limamveka ngati ng' wa m'liwu loti ng'ombe, kotero kuti tagata amamveka pafupifupi chimodzimodzi ndi tangata wa ku Tonga ndi wa Amaori. Chikondi m'Chisamoa ndi alofa, ndipo moni wawo woti talofa adachokera pomwepo. Liwu lomwelo ndi lomwe Amaori amati aroha ndipo anthu a ku Hawaii amati aloha. Powerenga zinthu, Msamoa amati tasi, lua, tolu, fā, lima. Mmaori amati tahi, rua, toru, whā, rima, pamene wa ku Hawaii amati kahi, lua, kolu, hā, lima. Kamzere ka pamwamba pa lembo kamasonyeza kuti liwu litchulidwe mokoka.

Komabe kufanana kwa mawu pakokha si umboni wa chibale. Mawu ena amafanana mwangozi. Chiyankhulo cha kuzilumba za Tonga sichigwirizana mpang'ono pomwe ndi Chitonga cha ku Nkhata Bay kapena cha ku Zambia, ngakhale mayina awo amamveka chimodzimodzi. Mawu enanso amafanana chifukwa chobwerekana, monga momwe mphika wobwereka umapezekera pakhomo la eni osasandutsa wobwereka kukhala mbale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri a ziyankhulo atadekha adapeza kuti umboni weniweni uli pa kusiyana kwa mawuwo, chifukwa kusiyanako kumatsata lamulo lomwe silidumpha.

Paliponse pamene Msamoa aika t, wa ku Hawaii amaika k. Tolu amakhala kolu, mata, lomwe ndi diso, amakhala maka, ndipo tai, lomwe ndi nyanja, amakhala kai. Pamene Msamoa aika l, Mmaori amaika r, monga lua ndi rua, lima ndi rima. Pamene Msamoa aika g, wa ku Hawaii amaika n, kotero lagi, lomwe ndi thambo, amakhala lani. Palinso k wakale yemwe anthu a ku Tonga ndi Amaori adamusunga, koma Asamoa adamumeza, n'kungotsala kakudukiza ka mpweya pakhosi komwe polemba amakasonyeza ndi nkhodolero. Ichi n'chifukwa chake nsomba ku Tonga ndi ika pamene ku Samoa ndi i'a. Wophunzira wodziwa malamulo awiri okha, la t ndi la g, angathe kutenga liwu la Chisamoa loti tagata n'kulosera yekha kuti ku Hawaii munthu ndi kanaka, ndipo sangalakwe. Ngozi siyenda m'ndondomeko yotere. Mawu mazanamazana akamasiyana motsata lamulo limodzi, ndiye kuti kale adali mawu a chiyankhulo chimodzi.

Chochititsa chidwi n'chakuti kusintha kumeneku kungathe kumveka ndi khutu ku Samoa komweko lero lino. Asamoa ali ndi katchulidwe kamitundu iwiri. M'tchalitchi, m'kalasi ndi polemba amatchula t ndi n monga momwe zilili m'mabuku. Pocheza pakhomo, ngakhalenso pamisonkhano yambiri ya mafumu, t amasanduka k ndipo n amasanduka g. Motero munthu yemwe m'mawa adawerenga kuti tagata, madzulo amanena kuti kagaka. Njira yomwe Chihawaii chidadzera kalekale posandutsa t kukhala k ndi yomwe lilime la Msamoa lidalondolanso palokha.

Mayina a malo nawo ndi mboni. Chilumba chachikulu kwambiri cha Samoa ndi Savai'i. Popeza s wa Chisamoa amakhala h m'ziyankhulo za kum'mawa, dzina lomwelo ndi Hawai'i, chilumba chachikulu cha Hawaii. Chilumba cha Ra'iatea, pafupi ndi Tahiti, dzina lake lakale lidali Havai'i. Amaori amati makolo awo adachokera ku Hawaiki ndipo mizimu ya akufa imabwerera komweko. Madzi saiwala khwawa. Anthuwa akafika pamalo atsopano ankapereka dzina lakwawo, ngati momwe kholo limatchera mwana dzina la agogo ake. Mulungu yemwe Asamoa akale ankamutcha Tagaloa, ku Tonga adali Tangaloa, kwa Amaori Tangaroa, ku Tahiti Ta'aroa, ndipo ku Hawaii Kanaloa. Chakumwa chamwambo chomwe Asamoa amachitcha 'ava, ku Tonga ndi kava ndipo ku Hawaii ndi 'awa. Ku New Zealand chomera chake sichidamere chifukwa cha kuzizira, koma Amaori atapeza kamtengo ka masamba ofanana nacho adakatcha kawakawa. Chomera chidatsala m'mbuyo koma dzina lidawoloka nyanja.

Chibale chimaonekanso kwambiri m'malamulo a chiyankhulo, omwe sabwerekedwa wamba ngati mayina a zinthu. M'Chisamoa, m'Chimaori ndi m'Chihawaii phatikizo lililonse limathera ndi lembo laliwu, ndipo kawirikawiri chiganizo chimayamba ndi mneni, mwininkhani n'kubwera pambuyo. Pa alowam'malo, liwu loti ife lili ndi mitundu inayi. Msamoa akati tāua akutanthauza anthu awiri, woyankhula ndi womvera. Akati māua akutanthauza anthu awiri, koma womvera palibepo. Tātou ndi gulu lonse pamodzi ndi womvera, pamene mātou ndi gulu lopanda womvera. Amaori ali ndi mawu anayi omwewo, ndipo ku Hawaii ndi kāua, māua, kākou ndi mākou. Mlendo pakati pa anthu amenewa sachita kufunsa ngati wawerengeredwa pachakudya kapena ayi, pakuti mlowam'malo yekhayo amamuuza.

Umwini nawonso amaugawa pawiri. Zinthu zomwe munthu adangozipeza kapena zomwe zimamusunga, monga makolo ndi nyumba, zimatenga lembo la o. Zinthu zomwe adazipeza ndi manja ake ndipo ali nazo ulamuliro zimatenga lembo la a. Nyumba yanga m'Chisamoa ndi lo'u fale, m'Chimaori tōku whare, m'Chihawaii ko'u hale. Buku langa ndi la'u tusi, tāku pukapuka ndi ka'u puke. Liwu lotanthauza buku lidasiyana chifukwa mabuku adafika anthuwa atabalalika kale, koma lamulo la a ndi o lidakhala chimodzimodzi chifukwa adachoka nalo kwa makolo.

Mbiri idasunga tsiku lomwe chibale chimenechi chidayesedwa pamaso pa anthu. M'chaka cha 1769 Kaputeni James Cook adanyamuka ku Tahiti pasitima yapamadzi yotchedwa Endeavour atatenga Tupaia, wansembe wa ku Ra'iatea yemwe adalinso katswiri wodziwa njira za panyanja. Mu Okotobala chaka chomwecho adafika ku New Zealand, pamalo pomwe lero pali mzinda wa Gisborne. Kukumana koyamba kudali kwamagazi, pakuti Amaori angapo adawomberedwa. Koma Tupaia atayankhula m'Chitahiti, eni dziko adamumva n'kumuyankha, ngakhale kwawo kudali pamtunda wa makilomita pafupifupi 4,000 ndipo makolo awo adali atasiyana zaka mazana angapo m'mbuyomo. Kuyambira pamenepo iye adakhala womasulira ndi mkhalapakati. Tupaia adamwalira ku Batavia, komwe lero ndi Jakarta, m'chaka cha 1770, koma Cook atabwereranso m'chaka cha 1773 Amaori ankafunsabe za iye.

Nanga anthuwa adachokera kuti? Akatswiri ofukula zakale adapeza mapale a mbiya zokongoletsedwa mwamtundu wina, zotchedwa Lapita, kuyambira kuzilumba za pafupi ndi New Guinea mpaka ku Tonga ndi Samoa. Ku Samoa mapalewo adapezeka m'chaka cha 1973 pa Mulifanua, pachilumba cha Upolu, anthu akukumba malo okocheza sitima. Zimenezi zidasonyeza kuti anthu adafika ku Tonga ndi Samoa zaka pafupifupi 2,800 zapitazo. Adakhala kumeneko zaka zoposa 1,000, ndipo m'nthawi imeneyo ndi momwe mudaumbika chiyankhulo chomwe ndi kholo la zonsezi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Cha m'zaka za pakati pa 1000 ndi 1300 zidzukulu zawo zidakweza matanga n'kufalikira ku Tahiti, ku Hawaii, ku Rapa Nui, ndipo pomalizira pake ku New Zealand.

Mawu amathandizanso kudziwa yemwe adayamba kupatuka pabanjapo. Msewu ku Tonga ndi hala, koma ku Samoa ndi ku Hawaii ndi ala, kwa Amaori ara. Kugona ku Tonga ndi mohe, koma kwa enawo ndi moe. Nyanja ku Tonga ndi tahi, pamene Asamoa ndi Amaori amati tai. Tonga idasunga h wakale yemwe Samoa, Hawaii ndi New Zealand adamutaya limodzi. Pa chifukwa ichi ndi zina zotere, akatswiri monga Andrew Pawley, yemwe adalemba za nkhaniyi m'chaka cha 1966, adaika chiyankhulo cha ku Tonga ndi cha ku Niue panthambi yawo, ndipo Chisamoa adachiika panthambi imodzi ndi Chimaori, Chitahiti ndi Chihawaii. Potsata mzere wobadwira, Msamoa ndi mbale wapafupi wa Mhawaii wokhala kutali kuposa mnansi wake wa ku Tonga.

Mizu ya banjali imapitirira Polynesia. Ziyankhulozi ndi nthambi chabe ya fuko lalikulu lotchedwa Austronesian, lomwe akatswiri ambiri amati lidayambira ku Taiwan zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Nambala 5 m'Chimalay ndi lima ngati m'Chisamoa, ndipo diso ndi mata. Nthambi ina idalowera chakumadzulo mpaka kukafika pachilumba cha Madagascar, kutsidya kwa nyanja kuchokera ku Mozambique. Kumeneko 7 ndi fito ndipo 8 ndi valo, pamene ku Samoa ndi fitu ndi valu. Komatu ng'ombe anthu a ku Madagascar amaitcha omby ndipo nkhuku amaitcha akoho, mawu omwe adabwereka kwa anansi awo a ku Africa. Mawerengero amasonyeza komwe adabadwira, pamene mayina a ziweto amasonyeza omwe adakumana nawo panjira.

Kusiyanitsa zobadwa nazo ndi zobwereka kudathandiza kuthetsa mkangano waukulu. M'chaka cha 1947 Thor Heyerdahl wa ku Norway adayandama masiku 101 pamitengo yomanga pamodzi, yomwe adaitcha Kon-Tiki, kuchoka ku Peru mpaka kuzilumba za Tuamotu, pofuna kutsimikiza kuti anthu a ku Polynesia adachokera ku South America. Ulendo wake udali wolimba mtima, koma ziyankhulo zidamutsutsa. N'zoona kuti mbatata idachokera ku South America, ndipo dzina lake, kūmara kwa Amaori ndi 'umala kwa Asamoa, limafanana ndi dzina la mbatata m'ziyankhulo zina za kumapiri a Andes. Zimenezi zimasonyeza kuti anthu a mbali ziwirizi adakumanapo. Koma mawerengero, alowam'malo ndi mayina a ziwalo za thupi zonse zimaloza ku Asia. Liwu limodzi ndi umboni wa ulendo wokacheza, pamene mawu mazanamazana ndi umboni wa kubadwa. Kwa omwe ankakayika kuti mabwato akale akadatha maulendo otere, yankho lidabwera m'chaka cha 1976 pamene bwato la Hōkūle'a lidachoka ku Hawaii n'kukafika ku Tahiti motsogozedwa ndi Mau Piailug, yemwe ankangoyang'ana nyenyezi, mafunde ndi mbalame.

Ngakhale zili choncho, kungakhale kulakwa kuganiza kuti ziyankhulozi ndi chimodzi. Msamoa womvera anthu a ku Hawaii akucheza amangotola liwu apa ndi apo, koma nkhani yonse imamudutsa. Chiyankhulo chilichonse chidayenda njira yake. Ku Tahiti kudali mwambo woti liwu lopezeka m'dzina la mfumu lisatchulidwe ndi anthu wamba. Mfumu ina itatenga dzina loti Pōmare, liwu loti mare, lomwe ndi chifuwa, lidaletsedwa ndipo m'malo mwake mudalowa hota. Lero Atahiti powerenga 2 amati piti ndipo 5 amati pae, mawu omwe abale awo sawadziwa. Ku Samoa kudakula mawu aulemu. Munthu wamba akamabwera amati sau, koma mfumu yaikulu amati afio mai. Nyumba ya munthu wamba ndi fale, ya mfumu ndi maota, ndipo ya nduna yoyankhulira mfumu ndi laoa. Kudya mwaulemu ndi taumafa, liwu lomwe ku Tonga limanenedwa pokamba za mfumu ya dziko lonse yokha. Wosadziwa zimenezi angathe kunyoza mfumu ali ndi mtima wofuna kuilemekeza.

Kufanana kuli ndi ngozi yakenso, pakuti mtengo waukulu umaphimba waung'ono. Chikhristu chidakhazikika ku Samoa kuyambira m'chaka cha 1830 pamene John Williams wa bungwe la London Missionary Society adafika pa Sapapali'i, pachilumba cha Savai'i, pamodzi ndi aphunzitsi a kuzilumba za kum'mawa. M'chaka cha 1862 George Pratt adasindikiza mtanthauziramawu wa Chisamoa. Posakhalitsa Asamoa nawo adayamba kutumizidwa ngati abusa kuzilumba zina monga Tuvalu ndi Tokelau. Poona kuti ziyankhulo za kumeneko zimafanana ndi Chisamoa, amishoni sadavutike kuzilemba. Kwa zaka zoposa 100 anthu a ku Tuvalu adapemphera ndi kuwerenga Baibulo m'Chisamoa, ndipo Baibulo lonse m'chiyankhulo chawo lidatuluka m'chaka cha 1987. Kukhala mbale wa munthu sikutanthauza kuti dzina lake ndi lako.

Chiopsezo chachikulu koposa chidadza ndi ziyankhulo za atsamunda. M'chaka cha 1896 lamulo lidakhazikitsa Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu za ku Hawaii, ndipo patapita mibadwo iwiri kapena itatu ana oyankhula Chihawaii adatsala owerengeka. Ku New Zealand nakonso ana ambiri a Amaori ankalangidwa akayankhula chiyankhulo chawo pasukulu. Apa m'pamene chibale chidagwira ntchito yooneka. M'chaka cha 1982 Amaori adayambitsa sukulu zamkaka zotchedwa Kōhanga Reo, kutanthauza chisa cha chiyankhulo, momwe agogo ankalera tiana m'Chimaori chokhachokha. Anthu a ku Hawaii adaphunzira kwa abale awowo ndipo m'chaka cha 1984 adatsegula yawo yoyamba yotchedwa Pūnana Leo, dzina la tanthauzo lomwelo. Reo ndi leo ndi liwu limodzi, losiyana pa r ndi l basi. Asamoa okhala ku New Zealand nawo adayambitsa sukulu zotere m'zaka zomwezo pozitcha A'oga Amata. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. M'chaka cha 1987 Chimaori chidavomerezedwa kukhala chiyankhulo cha boma, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 100,000 oyankhula Chisamoa m'dziko la New Zealand.

Pomaliza, kufanana kwa Chisamoa ndi ziyankhulo zinzake si nkhani yongosangalatsa akatswiri. Mbiri ya anthu omwe adawoloka nyanja yaikulu koposa zonse padziko lapansi idasungidwa m'timawu tating'ono monga fale, va'a ndi lagi. Palibe chiyankhulo chimodzi chomwe chidasunga zonse. Tonga idasunga h, Amaori adasunga k, Samoa idasunga s, ndipo chithunzi cha kholo chimaoneka pokhapokha zonse zikaikidwa pamodzi. Chiyankhulo chimodzi chikafa, otaya si eni ake okha, pakuti banja lonse limakhala lataya mboni yomwe ikadanena zomwe ena adaiwala. Ndi chifukwa chake kholo la ku Apia kapena ku Auckland lophunzitsa mwana wake kuwerenga kuti tasi, lua, tolu likugwira ntchito yomwe ngakhale mtanthauziramawu wamkulu chotani sangaigwire.